Mabatani a Jekete ya Ukwati

Amene anawotcha kabokosi ka achimwene ake a telala ndi mwamuna wa telalayo, ndipo mayiyo ankadziwa bwino ngakhale bamboyo ankakana mpaka kulumbira. Anabwereka chaja cha kabokosiko osapempha, pobweza n'kulumikizapo chaja china. Kunangomveka fungo la pulasitiki, basi nkhani n'kuthera pomwepo.

Kanali kabokosi kopangira nyimbo, kokula ngati thireyi, kokhala ndi mabatani a labala m'mizeremizere. Ukadina ili ng'oma yalira, ukadina ilo besi yalowa, zonse n'kumazungulira zokha mpaka utazisintha. Achimwene ake a telala anasiya kuona ali mnyamata, koma kabokosiko ankakadziwa ndi zala. M'mawa uliwonse ankaimbira azimayi ochita masewera olimbitsa thupi pa holo ya pafupi ndi msika. Akamva mapazi akulimba ankafulumizitsa nyimbo, akamva wefuwefu n'kuichedwetsa.

Kabokosiko katapsa, mwini holo anati adikira pang'ono, koma zikapitirira angolumikiza foni ku sipika. Mwamuna wa telala sanachedwe. Anayamba kunena mokoma kuti alamu akapumeko kwa amalume kumudzi, kuli mpweya wabwino, chipinda chawocho chisanduke mosungira katundu. Munthu wowotcha chinthu cha mnzake n'kumasankhanso kopita mwini wake!

Kabokosi kena kanali kosapezeka m'masitolo, choncho telala ananyamula laputopu yake kupita kwa wokonza makompyuta. Anamufotokozera kuti akufuna pulogalamu yochita zimene kabokosi kaja kankachita. Wokonzayo anagwedeza mutu ngati wamva, n'kumuikira chipulogalamu cha ku situdiyo, chodzaza mizere ndi timabatani tojambula tofuna mausi. Kunyumba achimwene anasisita sikirini ndi zala, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mlongo wanga, apa palibe chogwira."

Anakagona, nkhope kukhoma.

Telala anabwerera kwa wokonza uja mtima uli m'mwamba. Iye anati aliyense amagwiritsa ntchito yomweyo, ndi yapamwamba. Telala anamuuza kuti atsinzine kaye, amuimbire nayo nyimbo. Munthuyo anangoseka, n'kutembenukira kasitomala wina.

Ndiye anayamba kufufuza yekha. Madiresi a eni ake anaunjikana pa makina osokera, iye ali pa intaneti, kulemba dzina limene linali kunsi kwa kabokosi kopsa kaja. Mapulogalamu anabwera mbwee. Ina inali yokongola ngati keke ya ukwati koma yosagwira popanda maso. Ina inkaimba yokha, munthu n'kumangoonerera. Ina inaumitsa laputopu gwa. Iliyonse ankaitukwana ngati ikumva, n'kuichotsa. Makasitomala ankabwera kudzakalipa, iye n'kuwabwezera mawu mpaka ena anatenga nsalu zawo.

Kenako anapeza ina yosaoneka bwino n'komwe: timabokosi totuwa m'mizere, kalikonse kolumikizidwa ku batani lake la pa kiyibodi. Mausi sinkafunika. Anadina batani limodzi, ng'oma inalira. Anathamangira kuchipinda kukadzutsa achimwene, kuwakoka dzanja ngati mwana wokana sukulu.

Anayesa, inde anayesa. Koma mabatani a laputopu ndi ofanana onse, osalala, othithikana. Chala chikafuna ng'oma chinkagwera pa mbale zolira zija za oimba, chikafuna besi chinkazimitsa nyimbo yonse. Achimwene anakankha laputopuyo pang'onopang'ono.

"Usadzivutitse. Alamu akunena zoona, ndipita kwa amalume."

Mawu amenewo ndi amene anamupsetsa mtima kuposa zonse. Anakwiyira mwamuna wake, anakwiyira wokonza uja, koma apa anakwiyiranso achimwene chifukwa chogonja msanga chonchi, iye atataya makasitomala. Anatenga sizasi. Pa shelefu panali chitini chodzaza mabatani amitundumitundu, monga mwa telala aliyense. Anachiyang'ana, n'kuchidutsa. Anakatsegula wadiropu, mbali ya bambo.

Anayamba ndi jekete ya ukwati. Mabatani ake akuluakulu achitsulo, okhala ndi maluwa osema, anawamata ndi guluu pa mabatani a kiyibodi oliza ng'oma. A mashati akuntchito, aang'ono osalala, anapita pa mbale. A thalauza anakhala a besi. Sanasiye shati ngakhale imodzi yoti munthu n'kuvala. Guluu atauma anaika manja a achimwene pamenepo.

Zala zinayenda, zinaima, zinabwerera. Kenako ng'oma inayamba, besi inalowa pansi pake, ndipo phazi la achimwene linayamba kugunda simenti.

Madzulo bambo anabwera kuti asinthe zovala, apite kokacheza ndi anzake. Telala anamva wadiropu ikutseguka, mahang'ala akugundana, kenako zii. Munthu anatulukira pabalaza atavala shati yoyasama, mimba pamtunda, jekete ili m'manja. Anafunsa kuti misala imeneyi ndi ya chiyani, ndipo ndani asokerere zimenezi. Telala anamuyankha kuti afunse amene anawotcha kabokosi, mwina amadziwanso kusoka. Anali atakonzeka kukangana mpaka aneba atuluke.

Koma achimwene anatsitsa nyimbo, chala chili pa batani lachitsulo, akulisisita.

"Alamu, batani ili ndikulidziwa. Ndi la jekete ya ukwati. Ndinaligwira tsiku lija munandikumbatira, mukundiuza kuti nyumba yanu ndi yanganso."

Bamboyo anagwirizitsa shati ndi dzanja pachifuwa n'kubwerera kuchipinda. Telala anali adakali wokwiya, ndipo sanafune kuti mkwiyowo uthe msanga. Anapukuta maso ndi kansalu kotsala, n'kuuza achimwene kuti akweze nyimboyo, aneba adziwe kuti mawa kuli ntchito ku holo.