Minga ya Siliva ndi Mtondo wa Amake Simoni

Thandiwe sankakhazikika m'mawa umenewo. Akhala, aimirira, asuzumira pakompyuta, akhalanso, ngati pampando pali linthumbu.

Kamakina koyezera madzi anakabwereka ku yunivesite ku Lusaka, n'kudzakatchera m'chipinda cha azakhali ake ku Kapata. Kawaya kake, kowonda kuposa tsitsi, kanali m'madzi odontha m'miphika yosefera imene amayi ake, a Olipa, amaumba ku Kasenengwa. Miphikayo amaipaka siliva kuti azipha tizilombo. Koma a bungwe lofuna kugula anali atanenetsa kuti silivayo akamathawira m'madzi, satenga mphika olo umodzi.

Kadutswa ka siliva koteroko simungakaone, mutong'ole maso bwanji. Koma kakangogunda waya uja, magetsi amadumpha, mzere wa pakompyuta n'kutulutsa kamunga. Kamunga kamodzi, kadutswa kamodzi. Ndiye tsikulo minga inangoti mbwee.

Kenako anamva thi, thi, thi kuseri kwa khoma. Amake Simoni, oyandikana nawo, ankakonola chimanga, tebulo n'kumanjenjemera. Ha, mwinatu minga yonseyi ndi ya mtondo! Mtima unayamba kutsika.

Tsono munthu wamkulu ungamuuze kuti asiye kusinja pakhomo pake? Ulemu wake uti? Thandiwe anamanga chitenje, anapita, anagwada, anafunsa za ana ndi za mwendo uja umawavuta, kenako anapempha munsi kuti awapumitse. Iye ankangofuna kuti zithe msanga. Koma mayiwo, pokondwa kuti mwana wasukulu sanaiwale munsi, anakatulutsa lichero lina lodzaza. Anasinja mtsikana, mtima uli kuchipinda, mpaka manja anachita matuza.

Atabwerera, kunali zii. Anatseka chitseko, anayambitsanso makina. Mzere unayenda bwinobwino, wosalala. Kenako kamunga. Kena. Kenanso. Ndipo panalibe wosinja Kapata yense.

Posakhalitsa a Olipa anatsika minibasi, dongo likadali m'zikhadabo. Analowa akusimba kuti azimayi anzawo adzaza kale uvuni, nkhuni zaunjikidwa, mawa m'mamawa awotcha miphika yonse.

"Nanga makina akowa akuti bwanji, mwanawe?"

Thandiwe anawayang'ana mmene ankasekerera, kenako anayang'ananso minga ija pakompyuta.

"Amama," anatero, "mawa musayatse moto."