Thireyi ya Nunziata

Amene amati Filomena anasokoneza mathireyi akungomumvera chisoni. Anachita dala.

Masiku amenewo kwathu kuno uvuni wa m'nyumba unali kwa adokotala okha. Amayi ena onse, Lamulungu popita ku Misa, ankasiya mathireyi a makaroni kwa Gaetano wophika buledi, n'kudzawatenga atapsa pochokera kutchalitchi. Thireyi iliyonse inali ndi chizindikiro cha mwini wake pambali.

Filomena anayala yake monga ankachitira zaka makumi awiri za banja lake: makaroni pansi, msuzi wa tomato, timipira ta nyama, mabilinganya okazinga, mazira owiritsa, tchizi, kenako makaroni ena pamwamba. Manja ankagwira ntchito, koma mtima unali kuwawa. Msewu wonse unkanong'ona kuti mwamuna wake, Saverio, amalowa kwa Nunziata, mayi wamasiye wa kuseri kwa tchalitchi. Kumufunsa? Aaa, Saverio uja, kukana kwake ngakhale wansembe akanamupepesa! Filomena anati basi, limuulule ndi lilime lake lomwe.

"Donna Filomena, yanu ndi iyo ya kamtanda," anakuwa Gaetano, thukuta lili kamukamu, amayi atamuunjirira.

"Ndaiona! Mukuyesa maso ndasiya kutchalitchi?"

Gaetano atangotembenuka, Filomena anaphimba ndi nsalu thireyi ya Nunziata, n'kuinyamula.

Kunyumba anaisiya kaye kuti igwirane, kenako anadula. Anamuikira mwamuna wake ya pakona, yopserera pamwamba, imene amaikonda. Iye anangokhala, manja pamiyendo, akupemphera chamumtima kuti mwamunayo angodya n'kudandaula za mchere monga mwa nthawi zonse.

Saverio anatafuna kamodzi, kawiri, n'kuika foloko pansi.

"Iyi si yathu."

"Ayi? Ndiye kuti Gaetano wasokoneza." Mtima wa Filomena unakhalako pansi pang'ono. Kuzindikira kuti sanaphike mkazi wako si tchimo. "Nanga ingakhale ya ndani? Mathireyi anali makumi anayi pamenepo."

"Ya Nunziata iyi. Ndani winanso amathira sinamoni mu nyama?"

Anangolankhula choncho, mopepuka, ngati akunena za mvula. Atamaliza m'pamene anadzimva yekha. Nkhope inagwa. Filomena anamuyang'ana duu, akudikira bodza. Ndithu ankalifuna bodzalo! Akanati anamva kwa Gaetano, akanati analawa pamaliro, iye akanavomera n'kumuwonjezera vinyo.

Koma Saverio sananame. Anabwezera m'thireyi chidutswa chake chija, n'kuphimba bwinobwino ndi nsalu.

"Ana ake akudikira chakudya," anatero osamuyang'ana.

"Nanga ine? Ine sindikudikira?"

"Usayambe, Filomena. Lero ndi Lamulungu."

"Saverio, mukatuluka nayo pakhomopo..."

Anatuluka nayo.

Filomena anaima pakhonde. Dzuwa linali paliwombo, mazenera onse ali pululu, mabanja ali pathebulo, ndipo aliyense anaona mwamuna amene chikwatirire sananyamulepo ngakhale mbale akuyenda pakati pa msewu, thireyi ali nayo m'manja awiri. Filomena anali akadali ndi kachiyembekezo kopusa, koti mwina akaisiya kwa Gaetano n'kubwera ndi yawo. Koma kwa Gaetano Saverio anapitirira osacheuka n'komwe.

Atafika pakhomo pa Nunziata sanagogode. Anangokankha chitseko ndi phewa, n'kulowa.