Njerwa Sizidya Mpunga

Mwamva? Akuti azakhali a Gu, ophika pakhitchini yaulere kuseri kwa siteshoni, akumazembetsera mpunga kwawo. Nkhaniyi inabuka mwezi watha, chakudya chitayamba kuthera pakati pa mzere. Ine ndinaimva kwa agogo a Bang, iwo anaimva kometa tsitsi, ndipo pofika Lamlungu anthu anali atawonjezera kuti firiji ya azakhaliwo yadzaza nyama ya nkhumba. Ee, pakamwa pa anthu!

Ifetu timadya pamenepo, ine ndi bambo, chigwereni iwo panyumba imene ankamanga n'kuvulala msana. Kachipinda kathu kalibe pophikira, ndipo mankhwala awo safuna m'mimba mopanda kanthu. M'mawa ndimakaika njerwa yathu yofiira pamzere, kenako n'kupita kukatola makatoni ogulitsa. Aliyense amatero. Wina ambulera yothyoka, wina nsapato imodzi, amalume a Pyo botolo lodzaza mchenga. Masana aliyense amadzaima pa chinthu chake, ndipo palibe wosuntha cha mnzake. Ungamangoima m'chisanu makatoni akutoledwa ndi ena?

Lachitatu azakhali a Gu anamenya mphika ndi chipande.

"Tamverani, anthuni! Boma latidula thandizo, n'chifukwa chake chakudya sichikukwana. Mawa m'mawa kubwera munthu wa ku ofesi kudzaona ngati n'koyenera kutisiyira chotsalachi. Mudzaime nokha pamzere. Nokha, osati njerwa!"

"Tidzanjenjemere ife kuti inu mudzaze firiji?" anakuwa amalume a Pyo.

"A Pyo, msuzi uli m'kamwa mwanumo waphika ndani?"

"Kodi ndi msuzi? Ine ndimayesa madzi otsukira mbale!"

Anthu anaseka mpaka kutsamwa. Azakhali anangotembenuka n'kumakanda mphika.

Nditawauza bambo anati, "Bo-ram, iwe ukaime. Mayi uja sananamizepo munthu."

Ndinakaimadi. Koma Lachinayi ndi tsiku limene a kumsika amataya makatoni ambiri, ndiye pamzere tinalipo ine, agogo a Bang ndi mkulu wina wosaona. Kumbuyo kwathu njerwa, maambulera, nsapato, mpaka pakona. Mphepo yake ngati lumo.

Munthu uja anafika ndi jekete labwino, kapu ya khofi kumanja.

"Anthu aja ali kuti, mayi?"

"Ndi awa, bwana," anatero azakhali akuloza pansi. "Botololi ndi a Pyo. Nsapatoyi ndi mayi wa ana awiri. Ambulerayi..."

"Mayi, njerwa sizidya mpunga."

"Dikirani masana muwaone, chonde."

"Ndili ndi malo enanso oti ndikaone."

Anajambula mzerewo pafoni. Azakhali anawerama mpaka mutu kufika m'mawondo, munthu wamkulu ngati uja kuweramira kamnyamata kosaposa mwana wawo. Agogo a Bang anakagwira jekete.

"Mwana wanga, tandiyang'ana. Ine ndine njerwa?"

Anawamwetulira, anachotsa dzanja lawo mwaulemu, n'kukwera galimoto.

Masana eni njerwa anabwera onse, ngolo zawo zitadzaza makatoni, mzere mpaka pamlatho. Wowaona panalibe. Sabata yotsatira tinapeza loko pachitseko cha khitchini ija.

Ndiye mukuganiza kuti anthu anachita manyazi? Ayi ndithu! Pano akuti azakhali a Gu anapangana ndi munthu wa ku ofesi uja, agawana zonse. Akufalitsa ndi amalume a Pyo omwewo, atakhala pansi pa mlatho, masaya atalowa. Inetu ndinawaona azakhaliwo dzana, akutsuka mbale kuseri kwa lesitilanti ina, manja atang'ambikang'ambika. Atandiona anayang'ana kukhoma. Kimchi yawo ija, ndiwo ya kabichi wowawasa wa tsabola, ndimachita kuilota.

Bambo dzulo anamwa mankhwala ndi madzi okha, n'kusanza mpaka kulira. Lero akana, akuti bola msana uwawe. Madzulo ano ayenera kumwanso. Inu mukuwerenga mutakhuta inu, tandiuzani, ndiwamwetse ndi chiyani?