Foni ya pa Kantemba ka ba Abson

Kodi mungaganize kuti bambo amene analumbira kuti mwana wake sadzapondanso pasukulu yathu anabwerera kudzapempha chiyani? Sungani yankho lanu mumtima, ndikuuzeni mmene zinayendera.

Ndinali nditangotsika minibasi ku Bundabunda pamene ndinaona ba Dingani akutuluka pageti la sukulu yathu ya mkaka, atagwira dzanja la mwana wawo Inonge. Kamtsikanako kanali ka zaka zinayi, ndipo kankachita kuthamanga kuti kasatsalire. Mphunzitsi wathu, ba Sheila, ankawatsatira pambuyo akupepesa.

"Ndimwe ba Tisauke ba makompyuta?" anandifunsa bamboyo, maso ali psuu. "Mwana wanga namutenga. Sazabwera futi. Mudzi wonse uziba kuti anakodzera pamphasa. Anzake bamuitana ati Kamvula!"

Inonge atamva dzinalo anabisa nkhope m'buluku la bambo ake.

Bungwe lathu linali ndi sukulu za mkaka zitatu: ku Kasisi, ku Palabana ndi ku Bundabunda. Ntchito yanga inali kuyang'anira pulogalamu yotumiza mauthenga kwa makolo. Mphunzitsi akangodina kuti mwana wadya, wagona, walira, waphunzira chinthu chatsopano kapena wadziwonongera, uthenga unkafika pafoni ya kholo nthawi yomweyo. Makolo a ku Kasisi, ambiri ogwira ntchito ku Lusaka, ankaikonda kwambiri, chifukwa aliyense anali ndi foni yakeyake m'thumba. Koma ku Bundabunda mafoni akuluakulu anali osowa. Makolo ambiri analembetsa nambala ya ba Abson, mwini kantemba, kasitolo kakang'ono ka pamphambano, amene anali ndi sola padenga ndiponso mawu omveka kutsidya la msewu.

Ba Abson sanali munthu woipa mtima. Iwo ankangokhulupirira kuti uthenga wa mwini suchedwetsedwa. Foni ikalira, ankasuzumira pazenera n'kuwerenga mokweza, amuna osewera nsolo pabenchi ali tcheru.

"Si ba Dingani beka," anandinong'oneza ba Sheila. "Azimai ena bakamba ati mwezi ukatha nabo bazatenga bana babo. Nizaphunzitsa mipando, ba Tisauke."

M'mawa mwake ndinali mu ofesi yathu ku boma la Chongwe, pamaso pa mkulu wa bungwe, Mayi Hellen. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapukusa mutu.

"Masukulu onse afunika kulingana," anatero. "Ukazimya uthenga wa ku chimbuzi ku Bundabunda, wazimyira na ba ku Kasisi. Baja bazanidya wamoyo."

Monga mmene tonse tinkadziwira, mayiwo ankanena zoona. Makonzedwe a mauthenga anali patsamba limodzi la likulu, ndipo chimene wasintha pamenepo chinkasintha ponseponse. Koma nkhope ya Inonge yobisidwa m'buluku ija sinkandichoka m'maso. Ndinasiya tsamba la likululo n'kuyamba kutsegula tsamba la sukulu iliyonse payokha, kumene tinkangolowako polemba mayina a ana atsopano. Ndinatsika nalo mpaka pansi penipeni. Pamenepo panali kabokosi kakang'ono kochongedwa, konena kuti sukuluyi izitsatira makonzedwe a likulu. Nditayesa kuchotsa chizindikirocho, kompyuta inafuna nambala yachinsinsi ya mkulu wa bungwe.

Ndinanyamula kompyutayo n'kukaiika patebulo pawo.

"Onani, ba mayo. Bundabunda ingayende yeka, Kasisi osaigwira."

"Ukayamba kupatula, mailo kukacha aliyense azafuna vake," anayankha, manja atapinda pachifuwa.

"Ba mayo, nikufunseni. Nthawi iliyonse mukangena mu chimbuzi muno, kondakita azilengeza pa siteshoni ya mabasi, mungabwere ku nchito?"

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anaphulika ndi kuseka mpaka kuvula magalasi.

"Iwe mwana ulibe ulemu! Nanga mwana akadwala mumimba, makolo bazaziba bwanji?"

"Ba Sheila bazauza amai bake pageti, na kamwa, monga kale."

Anakoka kompyutayo n'kulemba nambala yawo, chala chimodzichimodzi.

Tsamba la Bundabunda linatseguka ngati khomo la nyumba imene ndakhala ndikuizungulira kunja. Ndinazimitsa mauthenga a kuchimbudzi, a kudya, a kulira ndi a kugona. Ndinasiya umodzi wokha, wonena chimene mwana waphunzira tsikulo. Ndinasinthanso nthawi yake, kuti mauthenga onse azifika pamodzi dzuwa likapendeka, amuna atabwerako kumunda. Kenaka ndinaimbira mphunzitsi wa ku Kasisi kuti ayese kutumiza uthenga. Unapita bwinobwino monga mwa masiku onse. Mayi Hellen anandimenya kakhofi paphewa.

Sabata yotsatira ndinapitanso ku Bundabunda, ndipo madzulo ndinakakhala pambali pa kantemba ngati wodikira minibasi. Nsolo inali itatentha. Kumapeto kwa benchi kunali ba Dingani, akulimbana ndi tcheni cha njinga yawo. Foni inalira. Ba Abson anatulutsa mutu pazenera n'kutsokomola ngati wolengeza kutchalitchi.

"Tamverani, imwe! Mwaba, mwana wa ba Fabian, lelo waimba nyimbo yonse yeka, kuyambira kumutu mpaka kumchira!"

Amuna anawomba m'manja. Ba Fabian anaimirira, chifuwa patsogolo.

"Ni mutu wa atate bake uyo!"

"Mutu wa amai bake!" wina anakuwa. "Iwe unathaba sukulu chifukwa cha kukumba mbeba!"

Benchi yonse inagwedezeka ndi kuseka. Ba Abson anapitiriza. Chipasha walemba chilembo choyamba cha dzina lake. Matthias waumba ng'ombe yadothi ya miyendo inayi, ndipo yaima. Dzina lililonse linkalandira kuwomba m'manja kwake ndi chipongwe chake, ndipo bambo wa mwanayo ankamwetulira ngati wakolola chimanga chodzaza ngolo. Ngakhale azimayi ochokera kumjigo anaima pamsewu, zidebe zili pamutu.

"Yasila," anatero ba Abson mauthenga atatha, n'kubweza mutu mkati.

"Nanga wa ba Dingani?" anafunsa ba Fabian, osaganiza.

Ba Dingani sanadzutse mutu. Anangozungulitsa pedulo pang'onopang'ono, ngakhale tchenicho chinali chitalowa kale. Minibasi itabwera, ndinakwera.

Lolemba ndinalawirira kukathandiza ba Sheila, ndipo ndinapeza mphasa zadzaza ana. Azimayi aja sanatchulenso zochotsa aliyense. Tili mkati moimba, kunja kunalira belu la njinga. Inonge anali pakaliyala, tsitsi litalukidwa mwatsopano, atakumbatira chiuno cha bambo ake. Ba Sheila anathamanga kukamunyamula, ndipo Mwaba anamusunthira malo pamphasa.

Ba Dingani anavula chipewa n'kundikodola. Ndinapita nditakonzeka kale. Ndinali wotsimikiza kuti akufuna dzina la mwana wawo lisamveke konse pafoni ya munthu wina, ndipo ndinatsegula pulogalamu kuti ndiwaonetse kuti zimenezo tsopano n'zotheka.

"Uyu mwana," anatero akuzunguza chipewa m'manja, "aziba kupenda nkhuku zonse za pa nyumba, imozi, zibili, zitatu, mpaka zonse. Na tumwana twa nkhuku. Muzimufunsako."

"Tizamufunsa lelo lomwe, ba tate. Pali vinangu?"

Zinalipo. Ba Dingani anapempha kuti uthenga wa Inonge uzipitanso pafoni ya ba Abson, ndipo kuti madzulo a tsikulo uwerengedwe woyamba.