Nsapato za a Tsuruoka

Ophunzira anga amandiopa, ndipo sindikana, pakamwa pangapa si pabwino. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuphunzitsa phunziro limodzi lomweli pa kakoleji kathu kuno ku Akita: kayankhulidwe ndi munthu amene moyo wamukwana. Amabwera a unamwino, amabweranso ofuna kulowa upolisi ndi ozimitsa moto, onse m'kalasi imodzi. Ndipo onse amagwa pamalo amodzi. Kumvetsera amatha, kugwedeza mutu amatha mpaka khosi kuwawa, koma likafika funso lenileni lija, lakuti "Kodi mukuganiza zodzipha?", m'kamwa mumauma. Amayamba kukamba za nyengo.

"Funso silipha munthu," ndimawakalipira chaka chilichonse. "Ulemu wanuwo ndi umene udzaphe munthu."

Poyeserera timadalira anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo opuma pantchito. Timawapatsa kapepala kofotokoza munthu wongopeka, iwo n'kumachita ngati munthuyo ndi iwowo. Katswiri wathu anali a Tsuruoka, bambo wa zaka 74 amene kale ankayendetsa sitima ya pamtunda. Zaka zisanu ndi chimodzi sanajombepo, ndipo kapepala ankakatsata monga ankatsatira nthawi ya sitima, osawonjezera, osachotsa.

Tsiku la mayeso omaliza, mu Febuluwale, anafika ku ofesi kwanga atavala suti ndi tayi. Masiku onse ankabwera ndi juzi. M'manja anali ndi bokosi la timakeke ta nyemba lokulungidwa bwino, ndi ambulera.

"Iyi munandibwereka chaka chija cha mvula yambiri, a Kuramochi. Manyazi andigwira kuisunga mpaka lero."

"Aa, inenso ndinali nditaiwala."

"Mwandisamala nthawi yonseyi. Zikomo kwambiri."

Anawerama kwambiri, mpaka ndinaona pamwamba pa mutu wawo. Inenso ndinawerama, mawu akungotuluka okha. "Oyenera kuthokoza ndife. Chaka chamawa mudzatithandizenso."

Pamenepo munthu amayankha kuti, "Inenso ndidzadalira inu." Aliyense amayankha choncho, ngakhale amene akudziwa kuti sadzapondanso pakhomo panu. A Tsuruoka anangomwetulira.

Mtima wanga unachita kanthu, koma ndinaukhazika pansi. Chaka cha sukulu chikamatha aliyense amazungulira m'maofesi kuthokoza, kubweza zobwereka, kusiya kamphatso. Patebulo panga panali kale mabokosi anayi. Lawo ndinaliika pamwamba pa enawo, n'kutenga wotchi ndi mapepala.

M'chipinda cha mayeso mumakhala mipando iwiri yoyang'anizana, ine kumbuyo pakona. Wophunzira amapatsidwa mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo woyesa satsegula pakamwa mpaka belu litalira. Lamulo limeneli ndinalemba ndine. Ana atatu oyamba anadutsa bwinobwino. Funso analifunsa mothamanga ngati akumwa mankhwala owawa, a Tsuruoka n'kuyankha za pakapepala, kuti maganizowo amabwera nthawi zina koma sanakonze kalikonse.

Womaliza anali Akiba, mtsikana wa unamwino, wofatsa mopitirira muyezo. Mayeso amenewa anali atalephera kale kawiri. Analowa, n'kuwerama, n'kudzitchula dzina.

Kapepala kankanena za bambo wa zaka 58 amene ntchito yamuthera kufakitale ndipo tulo sakupeza. A Tsuruoka anayamba momwemo. Kenako, pa mphindi yachitatu, anayang'ana pazenera.

"Galu ndinamupereka kwa aneba," anatero. "Kuli ana kumeneko. Akakhala bwino."

Ndinayang'ana kapepala kaja. Munalibe galu. Koma galuyo ndinkamudziwa, Goro, wofiirira, wa khutu limodzi logwa. Zithunzi zake anandionetsa pafoni kosawerengeka.

"Mwamusowa ndithu," anatero Akiba.

"Ayi, zili bwino. Lamlungu lapitali tinachita mwambo wa chaka chimodzi chimwalirire mayi akunyumba. Wansembe anabwera, abale anadya, anabalalika. Kumanda ndinakatsuka. Tsopano zonse zili m'malo mwake."

Maliro a akazi awo ndinapitako ine ndemwe, ndipo ndinali nditaiwala kuti chaka chakwana. Suti, ambulera, galu. Zonsezi zili pa tsamba lachitatu la kabuku kamene ndimagawira ana sabata yoyamba: munthu akayamba kubweza zinthu, kugawa zimene amakonda, kutsanzika mwaulemu wachilendo, funsa. Ndinachita mantha, mantha enieni.

Funsa, mwana iwe, ndinkatero mumtima. Funsa.

Ndinaona milomo ya Akiba ikukonzeka. Anayang'ana imvi zawo, anayang'ana tayi.

"Kuzizira kwa chaka chino kwanyanya, eti? Kunyumba kukutentha bwinobwino?"

"Kukutentha, mwanawe. Zikomo."

Ndikanatha kuimitsa mayesowo. Ndinali ine mwini kalasi. Koma mutu wanga unkandiuza kuti mwina angosakaniza nkhani, ukalamba, ndipo ngati ndalakwitsa ndiye kuti ndachititsa manyazi munthu wamkulu pamaso pa mwana. Ndinakhala chete, maso pa wotchi, ndikulemekeza lamulo langa lomwe. Belu linalira.

Pomaliza, wodzipereka amanena mawu awiri atatu kwa wophunzira. A Tsuruoka anamwetulira.

"Mwana waulemu uyu. Sanandivutitse ngakhale pang'ono."

Anaimirira, anawerama kwa Akiba, anawerama kwa ine, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisachite phokoso.

Akiba anali atagwetsa nkhope. "Ndalepheranso, eti aphunzitsi? Ndinafuna kufunsa, koma amafanana ndi agogo anga, ndiye..."

"Gwira iyi." Ndinamupatsa wotchi ndi mapepala onse. "Kauze a ku ofesi kuti masana ano kulibe kalasi."

Masitepe ndinatsika awiriawiri, masilipasi akufuna kundigwetsa. Ndinawapeza pakhomo lalikulu, pamene aliyense amasinthira nsapato ndi masilipasi a m'kati. Anali atakhala pabenchi, kumapazi kuli masokosi okha. Masilipasi awo, amene anakhala pashelefu yathu zaka zisanu ndi chimodzi, anali atawaika m'kachikwama ka pepala. Kapepala ka dzina lawo anali atakamatula pashelefupo, ndipo ankapukuta guluu wotsala ndi chala. Nsapato zawo zakuda, zopolishidwa mpaka kuwala, zinali pansi, zitayang'ana kunja.

"A Kuramochi, musavutike kundiperekeza. Ana akukudikirani."

"Ayi, ndimangoti..." Mpweya unandithera. "Mukwera basi ya hafu thwelofu?"

"Yomweyo."

"Chipale chayambanso kugwa."

"Chayamba ndithu."

"Misewu ikuterera masiku ano. Muyende mosamala."

Ndinadzimva ndekha. Ine, Kuramochi, amene ndaliritsa ana a eni ake chifukwa cha nyengo, ndinali nditaima pamaso pa munthu amene mwina mawa kulibe, ndikumuuza za chipale. Funso lenileni lija sindinalifunse. Bamboyu anali wamkulu kwa ine ndi zaka makumi awiri, anali mlendo wa sukulu, anali atangondipatsa mphatso. Chilichonse chimene mayi anga anandiphunzitsa chinkandiuza kuti ndiwerame, ndiwathokoze, ndiime pakhomo mpaka atakhota pakona.

Anatambasula phazi kuti alowetse mu nsapato.

Ndinagwada n'kuzitola zonse ziwiri, n'kuzikumbatira pachifuwa.

Anandiyang'ana ngati ndachita misala, ndipo sindiwaimba mlandu. Mlonda wa pakhomo anayang'ana kumbali. Phazi lawo linatsala m'malere, sokosi yabwino yatsopano.

"A Kuramochi, nsapato zanga."

"Ndikupatsani. Koma muyambe mwandiyankha." Ndinazigwira zolimba. "M'kapepala mulibe galu. Mulibe mwambo wa chaka chimodzi. Mwabweza ambulera, mwachotsa dzina pashelefu. A Tsuruoka, kodi mukuganiza zodzipha?"

Kunja basi ina inadutsa. Ndinkayembekezera kuti aseka, kapena akwiya, kapena anena za pakapepala zija.

Anatsitsa phazi pansi.

"Mwazungulira kwambiri, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Akanakhala mwana mukanamulepheretsa."

"Ndikanamulepheretsa. Yankhani."

"Ana mazana angati andifunsa funso limeneli? Onse amafunsa bambo wa kufakitale uja." Anapukuta nkhope ndi dzanja. "Inde. Ndikuganiza."

Ndinakhala pabenchi pambali pawo, nsapato zili pamiyendo. Chodabwitsa n'chakuti mantha aja anachepa. Zotsatira ndinkazidziwa. Ndinafunsa ngati anakonza tsiku, anati inde, sabata yomweyi. Ndinafunsa zina zonse zimene timafunsa, limodzilimodzi, osapita m'mbali, ndipo anayankha onse maso ali pansi. Anandiuza kuti chiyambire maliro, m'nyumba mwawo mawu amamveka akamayankhula ndi galu basi. Anati anadikira mwambo wa chaka kuti asasiye ntchito ya akazi awo yosamaliza.

"Lero simupita nokha kulikonse," ndinatero. "Tipita limodzi kuchipatala, kuli dokotala amene ndinagwira naye ntchito. Ndipo tiyimbira mwana wanu wa ku Sendai."

"Ameneyo ayi. Ali ndi ana aang'ono, ali ndi ntchito. Musamuvutitse."

"Timuvutitsa."

"A Kuramochi..."

"Timuvutitsa kwambiri. Inu mwakhala chaka chonse osavutitsa munthu, taonani kumene kwatifikitsa."

Anapumira m'mwamba. Misozi inatsika, sanaipukute. Patapita nthawi anatulutsa foni m'thumba la suti, anapeza dzina, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Nditakweza maso ndinaona Akiba ataima patali pa masitepe, wotchi yanga ikadali m'manja mwake. Sindikudziwa kuti anamva zingati. Ndinamulozera ndi mutu kuti abwerere m'kalasi, ndipo anabwerera. Ndinkadziwa kuti mawa ndidzayenera kumuuza kuti walephera, ndiponso kuti m'chipinda muja tinalephera awiri.

Foni inayamba kuitana ku Sendai. Pansi pa pakhomopo m'pa simenti, ndipo mphepo inkalowa nthawi iliyonse chitseko chikatseguka.

"Mapazi azizira," anatero a Tsuruoka.

"Nsapato sindikupatsani panopa."

Anandiyang'ana, anayang'ana kachikwama ka pepala kaja. Kenako anatulutsa masilipasi awo n'kuvalanso.