Ndodo ya pa Uta wa Matilda

Dyson ankakonza injini za maboti ku Nkhudzi, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi pomwe asodzi amakocheza. Mkazi wake Matilda ankayala m'zipinda pa loji ina ya komweko. Eni lojiyo atagula mauta ndi mivi yoti alendo azisewera nayo, anaitanitsa mphunzitsi wa ku Lilongwe, dzina lake Howard, kuti aphunzitse antchito. Ambiri anayesa tsiku limodzi, chingwe cha uta chitawakwapula pamkono sanabwererenso. Matilda yekha ndiye anakakamira.

Poyamba Dyson ankaseka nazo. "Amake Mercy, ndiwo zikasowa tizikutumani kuphiri mukatilasire nkhanga."

Kusekako kunatha dzina la Howard litayamba kulowa m'nyumba. Pa tiyi m'mawa, a Howard akuti ndiziimika mapazi chonchi. Pochapa, a Howard akuti phewa langa ndi lamphamvu. Kenaka tsiku lina Matilda anabwera akumwetulira, nkunena kuti amusankha kukapikisana ku Lilongwe, koma uta wake umagwedezeka akamalunjika chandamale, ndiye akufunika sitebilaiza.

"Ndiye chiyaninso chimenecho?"

"Kandodo kopepuka, kolemera kunsonga. Umakamanga kutsogolo kwa uta kuti usamayendeyende. A Howard ali nazo zitatu. Akuti Loweruka ndiyese zonse, yomwe ingandiyanje andipatsa."

"Akupatsani? Mwamuna wanji wopereka zinthu kwa mkazi wa mwini?"

"Iiih, bambo a Mercy, zamasewera izi."

"Ngati ndi kachitsulo chabe, ndikupangirani ndine. Ntchito yanga ndi yazitsulo."

Anachitadi. Anapempha Matilda kuti abwere ndi uta kunyumba, nkuyeza mazinga a pabowo lomangirapo. Anadula paipi ya aluminiyamu ya denga la boti lakale, nkulowetsa bawuti mbali imodzi, mbali inayo nkusanja mawashala ndi nati yaikulu. Injini ya Swadick, msodzi yemwe anali kasitomala wake wakale, inakhala yophwasula sabata yonse. Swadick ankabwera kudzadandaula kuti anzake akupha usipa iye ali pamtunda, koma Dyson ankangoti mawa, maso ali pa paipi. Pomaliza anaipaka penti yabuluu yotsala ku boti la munthu wina. Inkaoneka bwino ndithu.

Loweruka anatseka bokosi la masipanala nkutsagana ndi mkazi wake. Bwalo loponyera mivi linali kuseri kwa loji, ndipo mwera unkawomba pang'ono. Dyson ankayembekeza kupeza mnyamata wodzimva wa m'tauni. Anapeza bambo wadazi, wovala kabudula ndi magalasi, yemwe anamupatsa moni ndi manja awiri.

Howard anaitenga ndodo yabuluu ija, nkuitembenuza, nkuimanga pa uta. "Mazinga awa mwapanga nokha, akuluakulu? Yalowa bwinobwino. Mayi, yambani ndi imeneyi."

Zimenezi zinamunyansa Dyson kuposa chipongwe. Anali atakonzekera kunyozedwa, ndipo mayankho anali nawo kale pakamwa.

Matilda anakoka chingwe mpaka pachibwano, nkusiya. Muvi unapita, koma paipi ija inalira ngati belu la njinga, uta wonse nkunjenjemera. Anaponyanso kangapo. Mivi inamwazikana, wina m'mphepete mwa chandamale, wina mumchenga. Anatsitsa uta nkudzisisita phewa.

Anayesa za Howard. Yaifupi sinasinthe zambiri. Yaitali kwambiri mphepo inkaikankha. Atamanga yapakati, nsonga yake inangoima duu, mivi nkukaunjikana pamodzi pafupi ndi pachikasu, pakati penipeni pa chandamale.

Nthawi yonseyi Dyson ankazonda maso a awiriwo kuti aone ngati akuyang'anana. Sanaone kanthu. Howard ankaima patali, nthawi zina nkumayankha foni, akukambirana ndi akunyumba kwake za mpope wamadzi womwe unaphulika. Chomwe Dyson anaona ndi nkhope ya mkazi wake akalunjika chandamale. Inali nkhope yomwe sanaionepo chikwatirane, yodekha, yosafuna kanthu kwa munthu aliyense. Anatsokomola dala. Matilda sanacheuke. Vuto likanakhala Howard, Dyson akanatha kumukalipira kapena kukamunenera kwa eni loji. Nanga izi akanakanenera kwa yani?

"Mwasankha iti, mayi?" anafunsa Howard.

"Yapakatiyi." Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake. "Yanuyi ikunjenjemera, bambo a Mercy. Ndikuimva mpaka m'mano."

Howard anayamba kufotokoza kuti mwina ataikamo labala ikhoza kukhala bwino, koma Dyson anali atatola kale ndodo yake.

Panjira yobwerera anayenda patsogolo, akumenya udzu ndi paipi ija. Atadutsa mathandala oyanikapo usipa anaima.

"Mukanangonamizira. Pamaso pa mlendo mpaka kundichititsa manyazi?"

"Ndikananama bwanji mivi ili mumchenga, aliyense akuona?"

"Ku Lilongweko simupita."

Matilda anaika chikwama cha uta pansi. "Ngati vuto ndi a Howard, nenani, tikaitane ankhoswe ndiwauze zonse. Palibe chomwe ndikubisa. Ngati vuto ndi utawu, nenaninso."

Dyson sakanatha kuima pamaso pa ankhoswe nkunena kuti akuchita nsanje ndi nkhope ya mkazi wake. Anakhala masiku angapo akuyankhula mawu amodziamodzi, kenaka ananena kuti Matilda apite, bola aperekezedwe ndi mchimwene wake Sangwani. Matilda anavomera msanga, zomwe zinamuwawanso Dyson.

Masiku omwe mkazi wake anali ku Lilongwe, Dyson ankangoyang'ana foni. Ikalira, ankamvetsera kwambiri mawu a anthu oseka kumbuyo kuposa zomwe Matilda ankanena.

Tsiku lobwerera anakamudikira kumsewu waukulu ndi njinga. Matilda anatsika minibasi nkhope ili gwaa. Sanawine. Atakhala pa kaliyala, asanafunse nkomwe za mwana, anayamba kulongolola za mayi wina wa ku Mzuzu, dzina lake Victoria, yemwe anamutulutsa mu mpikisano.

"Mukanaona uta wake! Sitebilaiza zitatu, ina kutsogolo, ziwiri m'mbali, zonse zatsopano. Ndiye azichita kuyenda monyada ngati bwalo ndi la bambo ake. Nditakhala ndi zida zimenezija ine, amene uja sangandithe."

Dyson anamva mmene mawuwo ankatulukira, owawa. Anawazindikira bwino, inali nsanje yonga yake yomwe. Anapalasa pang'onopang'ono kuti njira italike.

"Ndiye kuti mwa iye yekha sadziwa kuponya?"

"Amadziwa," anatero Matilda monyinyirika. "Chimene chikundipweteka nchimenecho. Amadziwa kwambiri."

"Anakupatsani moni?"

"Anachita kundikumbatira, akuti ndisataye mtima. Ndinangofuna nditamukankha."

Dyson anaseka mpaka njinga inapita kumbali, Matilda nkumumenya kambama kumsana kuti ayang'ane kutsogolo.