Nambala ya Mayi wa Magalasi

Mphunzitsi wa masamu amene ana asukulu ankawatcha a Chotsala anafika zaka makumi asanu asanakwatire, ndipo mlongo wawo anali atatopa nako kuwafunsa. Tsiku lina atapita kukayezetsa maso, mayi wa m'sitolo ya magalasi anawaseketsa mpaka anaiwala chimene anabwerera. Potsanzikana, mayiyo anawauza nambala yake ya foni, n'kuwapatsa cholembera.

A Chotsala anachikana. Munthu wa masamu n'kumalemba nambala? Anaimva kamodzi basi, n'kutuluka akuisenda m'mutu ngati nthochi. Pofika pokwerera basi anali atapeza kuti siigawika ndi 2, koma imagawika ndi 7 komanso 13 popanda chotsala. M'basimo anapezanso kuti manambala ake ukawaphatikiza amakwana 40. Mtima unali mbee. Atafika kunyumba anatulutsa foni, ndipo apa m'pamene anazindikira kuti khalidwe la nambalayo akulidziwa lonse, koma nambala yeniyeniyo yawathawa.

Wina akanangodziseka n'kubwerera kusitolo. Iwo ayi. Anayala mapepala patebulo lodyera n'kuyamba kusaka manambala onse a khalidwe limenelo, ndipo anatuluka ochuluka zedi. Anayamba kuimba imodziimodzi. Woyamba kuyankha anali wokonza mapaipi. Kenako nkhalamba ina yosamva bwino inawayesa mdzukulu wake, n'kuwakalipira chifukwa chosapita kukaiona, iwo n'kupepesa. Wina anali wokhoma mabokosi a maliro, yemwe anafunsa mwaulemu kutalika kwa malemuwo, ndipo kuyambira pamenepo ankaimba pafupipafupi kufunsa ngati zinthu zasintha.

Mlongo wawo atabwera kudzacheza anasowa poika kapu ya tiyi. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako kuseka kunatha, chifukwa anaona kuti munthuyo wawonda, ndipo akuopadi kuti mayi uja aganiza kuti anamunyoza.

"Achimwene, kodi sitolo ya magalasiyo inasamuka?"

A Chotsala anati sinasamuke, n'kuyamba kufotokoza kuti ntchitoyo yatsala pang'ono. Onse awiri ankadziwa kuti manambala sakana munthu pamaso, koma mayi akhoza kutero.

M'mawa mwake a Chotsala anapita kusitoloko. Anapeza mayiyo akupukuta magalasi pakauntala. Chifukwa cha mantha, a Chotsala analumpha moni n'kuyamba kumufotokozera za 7, za 13, za 40, za wokhoma mabokosi, zonse. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto osawadula, akulimbana ndi phwete.

"Aphunzitsi, nambala yanga mwaidziwa mpaka m'matumbo. Nanga za ine mukudziwapo chiyani?"

A Chotsala anafufuza m'mutu monse, ndipo manyazi anawagwira. Anavomera kuti palibe, kupatula kuti amaseketsa.

Mayiyo anawakokera mpando. "Khalani apa. Foni isiyeni m'thumba."